Kuthamanga Popanda Wokuthamangitsa: Mmene Thupi Limazolowerera Mtunda

Mawu oyamba

M'Chichewa, mneni woti "kuthamanga" nthawi zambiri amakhala ndi chifukwa kumbuyo kwake. Mwana amathamanga chifukwa watumidwa, mlenje amathamangira nyama, ndipo munthu wamkulu akadutsa pamudzi ali wefuwefu, anthu amatuluka m'nyumba n'kumufunsa kuti, "Kwagwanji?" Ngakhale zining'a monga "liwiro la mtondo wadooka" zimakamba za munthu amene waona zoopsa. Tilibe liwu limodzi lotchulira munthu amene amadzuka m'mamawa, n'kuthamanga makilomita 8, n'kubwerera pomwe adayambira osatenga kanthu. Ine ndine mmodzi mwa anthu oterewa. M'chimangirizo chino ndifotokoza zimene zimachitika m'thupi la munthu wothamanga mtunda wautali, kusiyana kwa msewu wa tala ndi tinjira ta m'phiri, komanso mmene munthu angakonzere sabata yake kuti asadzipweteke. Zitsanzo zanga zichokera ku Zomba, kumene ndimathamanga.

Chimene chidandiyambitsa

Ndili ndi zaka 20, bambo anga adadwala sitiroko, ndipo mpaka lero dzanja lawo lamanzere siligwira bwino. Tili kuchipatala, namwino wina adati nane ndiyezetse, ndipo adapeza kuti magazi anga ankathamanga mopitirirako muyezo wa munthu wa msinkhu wanga. Adandiuza kuti ndichepetse mchere, ndizichita masewero olimbitsa thupi, ndipo ndizibwera kudzayezetsanso. Monga wophunzira chiyankhulo, ndidaona kuti mneni yemweyo akutchula nthenda ndi chithandizo chake chomwe: kuti magazi asiye kuthamanga, mwini wake ayambe kuthamanga.

Malangizo a namwinoyo ali ndi maziko. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a chaka cha 2020, lidati munthu wamkulu azichita masewero ofatsa kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena masewero amphamvu monga kuthamanga kwa mphindi 75 mpaka 150. Masewerowa amathandiza kutsitsa kuthamanga kwa magazi, koma amene adokotala adawapatsa mankhwala asawasiye chifukwa choti ayamba kuthamanga.

Zimene zimasintha m'thupi

Munthu akayamba kumene, chimene chimamulepheretsa ndi phuma. Minofu ya m'miyendo imafuna mpweya wambiri, ndipo mtima umagunda mofulumira pofuna kuutumiza kudzera m'magazi. Akapitiriza kwa masabata angapo, mtima umayamba kupopa magazi ochuluka pa kugunda kumodzi, choncho sufunikanso kugunda kambirimbiri. Mtima wa munthu wamkulu amene wangokhala umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi, koma wa wothamanga wozolowera umatha kugunda kosakwana ka 60. Wanga unkagunda ka 82 ndisanayambe, ndipo tsopano umagunda ka 58 ndikangodzuka. Nayo minofu imasintha. Timitsempha ta magazi timachuluka m'kati mwake, ndiponso tizigawo ta m'maselo totchedwa mitochondria, timene timasandutsa chakudya kukhala mphamvu, timawonjezeka.

Koma ziwalo za thupi sizizolowera pa nthawi imodzi, ndipo apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Mtima ndi minofu zimasintha m'masabata ochepa, pomwe mafupa ndi mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa zimafuna miyezi. Phazi likamatera pansi, mwendo umalandira mphamvu yoposa kulemera kwa thupi kawiri kapena katatu, ndipo wothamanga mofatsa amaponda pansi pafupifupi ka 1,000 pa kilomita imodzi. Ndiye kuti imafika nthawi imene phuma latha, munthu akudziona ngati katswiri, koma mafupa ake akadali a munthu wongoyamba kumene.

Izi zidandionekera. M'mwezi wanga wachitatu ndidachoka pa makilomita 15 pa sabata kufika pa 50 m'masabata atatu okha, ndipo onsewo ndinkathamanga pa tala. Msongolo wa kumanja udayamba kuwawa m'mbali mwa fupa. Poyamba ululuwo unkatha ndikathamangako pang'ono, kenako udayamba kundipeza ngakhale pokwera masitepe opita m'kalasi. Ndidakhala masabata 6 osathamanga. Akuluakulu adati fulumira adadya gaga, ndipo ine gagayo ndidamudya ndithu.

Chifukwa chothamangira mofatsa

Anthu ambiri amaganiza kuti tsiku limene sudatope kwambiri ndiye kuti lapita pachabe. Mbiri ya masewerowa ikutsutsa maganizo amenewa. Mphunzitsi wa ku New Zealand, Arthur Lydiard, ankauza akatswiri ake kuti ayambe amanga maziko pothamanga makilomita pafupifupi 160 pa sabata pa liwiro limene angalikwanitse osabanika, ndipo liwiro lalikulu lizibwera pambuyo pake. Wophunzira wake, Peter Snell, adapata mendulo ya golide pa mpikisano wa mamita 800 ku Olimpiki ya ku Rome m'chaka cha 1960, ndipo ku Tokyo mu 1964 adapambana wa mamita 800 ndi wa mamita 1,500. Munthu amene mpikisano wake sunkakwana mphindi ziwiri ankakonzekera pothamanga mitunda italiitali.

Wothamanga wamba safunika makilomita 160, koma mfundo yake ndi yomweyo. Aphunzitsi ambiri masiku ano amati mwa magawo asanu a kuthamanga kwa pa sabata, anayi akhale ofatsa. Muyezo wake sulira makina. Ngati ungathe kulankhula chiganizo chathunthu uku ukuthamanga, liwirolo lili bwino, koma ngati ukungotulutsa liwu limodzilimodzi, wapitirira. Ine ndikakhala ndekha ndimayesa ponena mokweza ndime ya zimene ndidawerenga dzulo lake. Ndikalephera kuimaliza, ndimabweza liwiro.

Gawo lachisanu lotsalalo ndi la liwiro. Njira yosavuta ndi imene adayambitsa mphunzitsi wa ku Sweden, Gösta Holmér, m'zaka za m'ma 1930, yotchedwa fartlek, kutanthauza kusewera ndi liwiro. Wothamanga amaliyatsa mpaka pa mtengo kapena polo imene wasankha, n'kufatsa mpaka phuma litatsika, n'kuliyatsanso. Njirayi siifuna bwalo ngakhale wotchi.

Msewu ndi kanjira

Ku Zomba wothamanga amasankha pakati pa msewu wa tala wa m'tauni ndi tinjira tokwera phiri, todutsa m'nkhalango ya paini kulowera ku damu la Mulunguzi ndi ku mathithi a Williams. Chilichonse mwa ziwirizi chili ndi ntchito yake.

Ubwino wa msewu ndi wakuti ndi wosalala, choncho munthu amatha kusunga liwiro limodzi ndi kuyeza mtunda mosavuta. Kuipa kwake kuli pomweponso, chifukwa phazi limatera mofanana nthawi zonse, ndipo mphamvu yonse imagwera pa malo amodzimodzi a fupa. Komanso misewu yambiri ndi yopendekera m'mbali kuti madzi azitsetsereka, ndiye mwendo umodzi umagwira ntchito mosiyana ndi unzake. Vuto lalikulu koposa ndi magalimoto. Popeza kuno galimoto zimayenda kumanzere, wothamanga azikhala kumanja kwa msewu kuti aziona zimene zikubwera kutsogolo kwake. Mbandakucha ndi bwino kuvala malaya owala, ndiponso osatseka makutu onse ndi nyimbo, chifukwa minibasi ndi njinga zamoto za kabaza sizidikira munthu.

Kanjira ka m'phiri n'kosiyana. Miyala, mizu ndi zigwembe zimachititsa kuti phazi lizitera mosinthasintha, motero ntchito imagawidwa ku minofu yambiri, ndipo akakolo ndi chiuno zimalimba. Komatu n'kosavuta kubinya phazi, makamaka nthawi ya dzinja pamene dothi lofiira limaterera. Maso ayenera kukhala masitepe angapo patsogolo, osati pa zala. Pokwera chitunda ndimafupikitsa mapazi, ndipo pakatsetsereka kwambiri ndimangoyenda, chifukwa ngakhale akatswiri a mipikisano ya m'mapiri, monga Porters' Race ya ku Mulanje imene imayambira ku Likhubula, amayenda pa malo ena.

Chodabwitsa n'chakuti kutsika ndiko kumapweteka ntchafu kuposa kukwera. Potsika, minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito ya buleki, imakungika uku ikutambasuka, ndipo imang'ambika pang'onopang'ono m'kati. Ululu wake umamveka kwambiri pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Thupi likazolowera, ululuwu umachepa.

Phunziro lina la m'phiri ndi lakuti kilomita ya m'kanjira siifanana ndi ya mumsewu. Makilomita 8 amene ndimawatha m'mphindi 48 pa tala amanditengera ola limodzi ndi mphindi 10 m'phiri. Chifukwa cha ichi, ndikapita m'phiri ndimawerenga nthawi osati mtunda, ngakhale foni yanga imandiuza zonse ziwiri.

Dongosolo la sabata

Mawu oti "tsiku ndi tsiku" asatinamize. Thupi silikula pa nthawi imene tikuthamanga, limakula pamene tikupuma, likamakonza zimene zidaonongeka. Choncho kupuma ndi gawo la maphunzirowa. Sabata yanga imayenda motere. Lolemba ndimapuma. Lachiwiri ndimathamanga makilomita 6 mumsewu mofatsa, Lachitatu makilomita 8 m'tinjira, ndipo Lachinayi makilomita 6 a fartlek. Lachisanu ndimapumanso. Loweruka ndi tsiku la mtunda wautali, makilomita 15 osakaniza msewu ndi phiri, ndipo Lamulungu madzulo ndimamaliza ndi makilomita 5 ofatsa kwambiri. Onse pamodzi ndi makilomita 40.

Mfundo zitatu ndi zimene zagwira dongosololi. Yoyamba, masiku awiri olemetsa asatsatizane. Yachiwiri, mtunda uziwonjezeka pang'onopang'ono. Othamanga ambiri amatsata langizo loti munthu asawonjezere kuposa gawo limodzi mwa magawo khumi a mtunda wa sabata yatha. Limeneli si lamulo la sayansi lokomera aliyense, koma limaletsa kulumpha kwa mtundu umene udandipweteka ine. Yachitatu, sabata yachinayi iliyonse ndimachepetsa mtunda kuti miyendo ipezenso mphamvu. Wongoyamba kumene asatengere makilomita 40 amenewa. Ayambe ndi masiku atatu pa sabata, mphindi 20 kapena 30, akusinthanitsa kuthamanga ndi kuyenda.

Chakudya, madzi ndi nsapato

Thupi limasunga chakudya chopatsa mphamvu m'minofu ndi m'chiwindi monga glycogen, ndipo nkhokwe imeneyi imakwanira kuthamanga mwamphamvu kwa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. N'chifukwa chake othamanga marathoni, mtunda wa makilomita 42.195, ambiri amafooka mwadzidzidzi akafika cha pa makilomita 30. Wothamanga ola limodzi safunika zakudya zodula za m'mapaketi. Nsima, mbatata, mpunga ndi nthochi zimabwezeretsa glycogen, pomwe nyemba, usipa, mazira ndi mtedza zimathandiza kukonza minofu.

Madzi amafunika kwambiri m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, ndipo nthawi imeneyi ndimanyamuka dzuwa lisanatuluke. Koma kumwa madzi mopyola muyezo pa ulendo wautali nakonso n'koopsa, chifukwa kumasungunula mchere wa m'magazi. Langizo losavuta ndi kumwa ludzu likamveka. Munthu amene thupi latentha, kaya ndi malungo kapena chimfine chachikulu, asathamange mpaka atachira. Amene wamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire aime ndipo akaonane ndi dokotala.

Pa nkhani ya nsapato, anzanga amakonda kundikumbutsa za Abebe Bikila wa ku Ethiopia, amene adapambana marathoni ya Olimpiki ku Rome mu 1960 opanda nsapato. Izi n'zoona, koma mapazi ake adali atazolowera kwa zaka zambiri. Ambiri a ife timagula nsapato za pa kaunjika, ndipo apa m'pofunika kusamala, poti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nsapato yothamangira imatha mphamvu ikayenda makilomita 500 mpaka 800, ngakhale pamwamba ikuoneka yatsopano. Pogula ndimayang'ana ngati chidendene chidadyeka mbali imodzi, ngati mphira ya m'kati idakwinyika, ndiponso ngati kutsogolo kwa zala kwatsala mpata wokwana chala chachikulu cha kumanja.

Mawu omaliza

Chimangirizochi chasonyeza kuti kuthamanga mtunda wautali kumalira kudekha: mtima umazolowera msanga kuposa mafupa, mtunda wambiri uyenera kuthamangidwa mofatsa, msewu ndi kanjira zimathandizana, ndipo kupuma kuli ndi malo ake m'dongosolo. Papita zaka ziwiri chiyambireni, ndipo nthawi zitatu zomaliza zimene ndidayezetsa, magazi anga adali pa muyezo woyenera. Sindinganene kuti ndi kuthamanga kokha, chifukwa mcherenso ndidachepetsa.

Pa tchuti chathachi ndidathamanga kumudzi kwathu. Agogo ena aamuna, amene ankapita kudimba, adaima n'kundifunsa kuti, "Mdzukulu, akukupirikitsa ndani?" Ndidawayankha kuti, "Palibe, agogo, ndikungolimbitsa thupi." Iwo adapukusa mutu nati khasu likadandilimbitsa bwino koposa. Sindidatsutse, chifukwa iwo amayenda ndi kulima tsiku lililonse, pomwe ine ndimakhala pa mpando m'kalasi ndi m'laibulale kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mawa lake bambo adandipempha kuti ndiwaperekeze, ndipo tidayenda limodzi pang'onopang'ono mpaka pa chitsime n'kubwerera.