Luso Losalira Singano ku Chidzolomondo

Ku Chidzolomondo, m'boma la Macanga lomwe likulu lake ndi Furancungo, zokongoletsa pakhomo zambiri sizilira singano. Chodziwika kwambiri ndi lichero. Mmisiri amadula nsungwi yokhwima, n'kuing'amba timizere, kutipala ndi mpeni mpaka titasalala, kenako kutiluka mopingasa. Mkombero amaumanga ndi luzi, ndipo luso lenileni lagona pamenepa: ukamangidwa molobodoka, lichero limaphwasuka lisanathe n'chaka chomwe. Lolukidwa bwino limapeta mphale masana, madzulo n'kukolekedwa pakhoma, nyumba n'kuoneka yosamalika.

Pansi ndi pakhonde amayi amazirapo ndi mtsiro, n'kukulungiza ndi mwala wosalala wa kumtsinje mpaka patawala. Duku ndi nkhata yosenzera mtsuko n'zosavuta: chitenje amangochipinda, kuchizunguliza ndi kuchimanga.