Tizirombo ta Mamba: Mdani Wobisala wa Mitengo ya Zipatso

M'midzi yambiri ya boma la Mchinji, kuyambira ku Mkanda ndi Kapiri mpaka ku Kamwendo, mabanja amadalira mango, malalanje, mandimu, magwafa ndi mapapaya. Mango ndi mapapaya akupsa ali ndi vitamini A amene amateteza maso, pamene malalanje ndi magwafa ali ndi vitamini C wolimbitsa nkhama ndi wothandiza kuti mabala apole msanga. Motero mtengo ukadwala, thanzi la ana pakhomo nalonso limabwerera m'mbuyo.

Mmodzi mwa adani a mitengoyi ndi tizirombo ta mamba. Ambiri satizindikira chifukwa tikakula timangokakamira malo amodzi kunsi kwa tsamba, pa nthambi kapena pa chipatso, ndipo timaoneka ngati timamba ta nsomba kapena tinkhanambo toyera, tofiirira ngakhale tobiriwira. Munthu akatikanda ndi chikhadabo timachoka. Ntchito yake ndi kuyamwa madzi a mtengo, kotero kuti masamba amachita chikasu ndi kuyoyoka, nsonga za nthambi zimauma, zipatso zimakhala zazing'ono ndi zamawanga.

Mitundu yofewa ya tiziromboti imatulutsa timadzi totsekemera. Pa timadzi timeneti pamamera nkhungu yakuda yonga mwaye, imene imatchinga dzuwa pa masamba. Nyerere zimakwera kukamwa timadzito ndipo zimathamangitsa adani a tiziromboti. Choncho masamba akuda ndi mzere wa nyerere pa thunthu ndi zizindikiro zoyamba zimene mwini mtengo ayenera kuyang'ana.

Ana a tiziromboti amayenda, ndipo amauluzika ndi mphepo, koma ulendo wautali amauyenda pa mbande. Popeza anthu a ku Mchinji ndi a ku Chipata amayenderana tsiku ndi tsiku, mbande zisaoloke malire popanda chilolezo cha a zaulimi, ndipo wogula aliyense aziyamba wayang'ana kunsi kwa masamba.

Pofuna kuthana nato, mlimi adule nthambi zogwidwa kwambiri ndi kuzitentha, atengulire mtengo kuti mphepo ndi dzuwa zizilowa, ndiponso achotse nthambi zokhudza pansi zimene nyerere zimakwererapo. Kenaka asakanize makapu 2 a mafuta ophikira ndi theka la kapu ya sopo wamadzi. Supuni yaikulu imodzi ya msakanizowu aithire m'lita imodzi ya madzi ndi kupopera madzulo, makamaka kunsi kwa masamba, nabwerezanso pakapita masabata 2. Mafutawa amatseka mopumira mwa tizirombo. Kupopera dzuwa likuswa mtengo kumawaula masamba.

Choopsa chachikulu ndi kuthamangira mankhwala a fodya kapena a thonje, makamaka ogulidwa pamsika m'mabotolo opanda chizindikiro. Mankhwala oterewa amatsalira pa zipatso zimene ana amathyola ndi kudya osatsuka. Amaphanso tizikumbu ta madontho ndi timavu tating'onoting'ono timene timadya tiziromboti. Phindu la timavu totere lidaoneka pamene kodikodi, mbale wake wa tizirombo ta mamba, adaononga chinangwa ku Nkhata Bay kuyambira mu 1985: chimene chidamugonjetsa ndi timavu tochokera ku South America, osati poizoni.

Ngati vuto lapitirira, mlangizi wa zaulimi ndiye woyenera kutchula mankhwala ndi masiku odikira asanathyole zipatso. Mtengo wosamalidwa bwino ndi nkhokwe ya thanzi la banja.