Randi njokoma, koma makiyi ake ali ku Pretoria

Kwacha ikagwa, ife a kuno ku Liwonde sitidikira kumva pa wailesi. Timamvera pa depoti, m'magolosale ndi kwa amayi opikula mpunga ndi nsomba. Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya Reserve itagwetsa ndalama yathu, dola imodzi inachoka pa K1,180 n'kufika pa K1,700. Sabata isanathe feteleza, sopo, mafuta ophikira ndi thiransipoti zinali zitakwera kale. Kuyambira pamenepo a geni ndi ana asukulu omwe akhala akundifunsa funso limodzi: kodi kwachayi tikuikakamiriranji, bwanji osangotenga randi monga anzathu a ku Lesotho?

Funsoli si lopusa ayi. Kuno ku Machinga, ku Balaka ndi ku Mangochi n'kovuta kupeza banja lopanda mwana kapena mlamu ku Joni. Anthu amaona ndi maso awo kuti randi imene watumiza mnyamata imagulabe malata, pamene makwacha amene bambo wasunga kuyambira nthawi yokolola nandolo amafika Disembala atafota ngati masamba a chigwada. Nayenso wa geni wokapikula katundu ku Johannesburg amadyedwa kawiri, posintha makwacha ndi pobweza chenje. Komabe ine ndikuti tisathamange, a Malawi anzanga.

Poyamba tikumbutsane kuti ndalama yogawana ndi ena tinailawapo kale. M'nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, Nyasaland inkagwiritsa ntchito paundi imodzi ndi maiko awiri a Rhodesia, ndipo banki yake inali ku Salisbury. Zochita ndi ndalamayo ankakambirana kumeneko, poyang'ana migodi ya mkuwa ndi mafamu a azungu. Ife ntchito yathu inali kutumiza anthu a thangata ndi a ku migodi basi. Titalandira ufulu mu 1964 tinakhala ndi paundi yathuyathu, banki ya Reserve inayamba ntchito mu 1965, ndipo kwacha inabadwa mu 1971. Nthawi imeneyo makwacha awiri ankapanga paundi imodzi. Agogo akamanena zimenezi adzukulu amayesa nthano.

Tsono randiyo ili ndi malamulo ake. Lesotho, Eswatini ndi Namibia ali ndi ndalama zawo, loti, lilangeni ndi dola, koma iliyonse imafanana mphamvu ndi randi, imodzi kwa imodzi. Kuti zimenezi zitheke, loti iliyonse imene banki ya ku Maseru yatulutsa iyenera kukhala ndi randi kapena ndalama ina yakunja yoiimira m'nkhokwe. Ife m'zaka za 2023 ndi 2024 nkhokwe ya boma ya ndalama zakunja inkalephera kufika ngakhale pa mlingo woitanitsira katundu wa miyezi itatu. Nanga zoimira makwacha onse ali m'matumba mwathu tikanazitenga kuti? Chiwongoladzanja nacho chimatsata zimene yagamula banki yaikulu ya ku Pretoria. Mu Disembala 2015 Jacob Zuma atachotsa nduna yake ya zachuma Nhlanhla Nene, randi inagwa kwambiri m'masiku ochepa, ndipo loti, lilangeni ndi dola ya Namibia zinagwera limodzi. Anthu a ku Maseru sanavotere Zuma, koma analipira nawo.

Ife a ku Liwonde nkhani imeneyi tiyenera kuimva msanga kuposa ena chifukwa baraji tili nayo pakhomo. Kuyambira 1965 mageti a Kamuzu Barrage ndiwo amagamula kuchuluka kwa madzi opita ku Nkula, ndipo kenako ku Tedzani ndi Kapichira. Nyanja ikaphwa amachepetsa madzi, ikasefukira amatsegula. Pena amalakwitsa, anthu a kumtunda kapena a kumunsi n'kudandaula, koma odandaulawo amadziwa kokagogoda. Tangoganizani makiyi a mageti amenewa ali ndi munthu wa ku Pretoria amene amatsegula ndi kutseka poyang'ana mvula ya kwawo. Chuma cha South Africa chimayenda ndi golide, pulatinamu, mafakitale ndi mabanki. Chathu chimayenda ndi mvula, fodya, tiyi, shuga ndi mtengo wa nandolo ku India. Chaka chimene Cyclone Freddy anatikantha mu 2023, kapena chilala cha 2024, sindikhulupirira kuti wina ku Pretoria akanasintha chiwongoladzanja chifukwa cha mlimi wa kwa Sitola.

Ena amati, chabwino, koma ndalama ya eni siigwa chisawawa ngati yathuyi. Zoona. Koma vuto silitha, limangosintha malaya. Funsani abale athu a ku Zimbabwe. Mu 2009 anataya dola yawo itasanduka mapepala, n'kuyamba kugwiritsa ntchito dola ya America ndi randi. Mitengo inakhazikika ndithu ndipo m'mashopu munadzaza katundu. Koma popeza ankagula zambiri kunja kuposa zimene ankagulitsa, madola aja ankatuluka osabwerera. Pofika 2016 anthu ankagona pa mizere ya kubanki kudikira kutapa ndalama zawo zomwe, ndipo boma linatulutsa timapepala totchedwa bond note. Mu 2019 dola ya Zimbabwe inabwerera, mu 2024 kunabwera ina yotchedwa ZiG. Ku Ulaya nako, Greece itamira m'ngongole ili mu euro, inalibe ndalama yake yoti igwetse kuti katundu wake atsike mtengo kunja. M'malo mwake anadula malipiro ndi penshoni, ndipo mu 2015 mabanki anatsekedwa, munthu n'kumaloledwa kutapa ma euro 60 okha patsiku. Ngakhale maiko a kumadzulo ndi pakati pa Africa ogwiritsa ntchito CFA franc anadzuka mu Januwale 1994 n'kupeza ndalama yawo yadulidwa pakati, ndipo pa chigamulocho mawu a France ndi IMF ndiwo analemera kwambiri.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi Botswana. Iwo anali m'khola la randi, koma mu 1976 anatulukamo n'kuyambitsa pula. Patapita zaka pula inadzakhala yamphamvu kuposa randi yomweyo. Sikuti dzina loti pula lili ndi mankhwala. Anali ndi dayamondi wogulitsa kunja, ndipo kwa zaka zambiri boma lawo silinkawononga ndalama zoposa zimene lapeza.

Apa ndiye pali bala lathu, ndipo sindifuna kulibisa. Kukhala ndi makiyi ako ndi chinthu china, kuwagwiritsa bwino ntchito n'chinanso. Kuyambira pamene kwacha inamasulidwa mu Febuluwale 1994 kuti izipeza yokha mtengo pamsika, maboma athu onse, osasankha chipani, akhala akubwereka mopyola muyeso, kenako n'kuigwira kwachayo pakhosi kuti isagwe. Ikagwidwa motero madola amasowa m'mabanki, amapezeka kwa anyamata a pamsewu pa mtengo wina, mizere ya mafuta imayamba, ndipo mapeto ake imagwabe, koma mogwa kamodzi ngati mtengo wa mlambe. Zinatero mu Meyi 2012, zinateronso mu Meyi 2022 ndi mu Novembala 2023. Wa geni amene amatukwana kwacha sakulakwa kukwiya. Wangolakwitsa pomenya. Randi ikanabwera lero, boma likanalephera kudinda ndalama, inde, koma aphunzitsi ndi anamwino akanadikira malipiro mpaka madola a fodya atalowa.

Za ndalama imodzi ya chigawo chonse musawerengere msanga. SADC inadziikira chaka cha 2018 kuti ikhale itakhala nayo, chakacho chinadutsa mwakachetechete. Mpaka pano wopita ku Cuamba kudzera pa Nayuchi, kapena ku Mandimba kudzera pa Chiponde, amasinthabe makwacha ndi metikali pamalire, ndipo geni ikuyenda.

Mukafuna kudziwa chimene chimadwalitsa kwacha, kaimeni pa siteshoni ya sitima pano pa Liwonde. Njanji yochoka pa Nkaya kupita ku Nayuchi inatsegulidwa mu 1970 kuti katundu wathu azifika ku doko la Nacala. Lero mabogi ataliatali amene amadutsa usana ndi usiku anyamula malasha a ku Moatize ku Mozambique. Obwera kuchokera kunyanja amatitsitsira feteleza, tirigu ndi mafuta, zonse zolipira ndi madola. M'zaka zaposachedwapa katundu amene timagula kunja wakhala pafupifupi katatu kuposa amene timagulitsa. Mabogi onyamula nandolo, shuga ndi tiyi wathu mutha kuwawerenga osatopa.