Kujambula Ankhondo Apakavalo a ku Ulaya: Kukongola kwa Chithunzi ndi Kuona Kwake

Mwana wa sukulu amakhulupirira chimene waona ndi maso kuposa chimene wamva ndi makutu. Mphunzitsi angathe kulongosola nkhani ola lathunthu, koma akapachika chithunzi pakhoma, chithunzicho ndicho chimene ana adzapita nacho kwawo, ndipo adzachisunga mumtima kufikira ukalamba. Kale zithunzi zinali zowerengeka, za m'mabuku mokha. Lero zachuluka ngati mchenga, pakuti munthu wokhala ndi kompyuta angathe kujambula usiku, m'mawa chithunzi chake chili kale m'manja mwa anthu a maiko ambiri. Pakati pa zimene ojambula a pa kompyuta amazikonda koposa pali nkhondo za apakavalo a ku Ulaya wakale, anthu ovala chitsulo, onyamula mikondo ndi malupanga. Zambiri mwa zithunzizi n'zokongola ndithu, koma zambirinso n'zonama, ndipo bodza lake silioneka msanga. Nkhani ino ilongosola kumene bodzalo limalowera, ndi mmene wojambula kapena mphunzitsi angalizindikirire.

Dzina la ankhondowa

Angerezi amamutcha wankhondo wotere knight, mawu amene pachiyambi ankatanthauza mnyamata kapena mtumiki. Afalansa amati chevalier, kuchokera ku mawu awo otchula kavalo, ndipo Ajeremani amati Ritter, ndiko kuti wokwera. Maina atatuwa akaikidwa pamodzi amafotokoza munthuyo bwino: anali mtumiki wa mfumu kapena wa mbuye wina wamkulu, ndipo utumiki wake unali kumenya nkhondo ali pa kavalo. M'Chichewa mawu akuti wapakavalo atikwanira, ndipo tiwadziwa kale, monganso chisoti, chishango, lupanga, mkondo ndi malaya a unyolo. Chimene chisowa dzina ndi chovala cha zitsulo zosula zimene zimakuta thupi lonse, chidutswa chilichonse chopindidwa molingana ndi chiwalo chake. M'nkhani ino tichitcha chovala chachigoba, pakuti chimakuta munthu monga chigoba chikuta fulu. Kusiyanitsa malaya a unyolo ndi chovala chachigoba ndiwo mutu wa nkhani yonse.

Funso loyamba: chaka chiti?

Cholakwa chachikulu cha ojambula ndi kuyesa kuti apakavalo onse ankavala mofanana. Tiyeni titenge nkhondo ziwiri zotchuka. Yoyamba ndi ya ku Hastings, pa 14 Okutobala 1066, pamene William wa ku Normandy anagonjetsa mfumu Harold ya ku England. Yachiwiri ndi ya ku Agincourt, pa 25 Okutobala 1415, pamene mfumu Henry V ya ku England inagonjetsa Afalansa. Pakati pa nkhondo ziwirizi pali zaka 349. Kuti tione kutalika kwa nthawi imeneyi, tikumbukire kuti kuchokera mu 1859, pamene David Livingstone anafika ku nyanja yathu, kufikira lero, sipanapite ngakhale theka la zaka zimenezi.

Wapakavalo wa ku Hastings ankavala malaya a unyolo ofika m'mawondo, opangidwa ndi timphete tachitsulo zikwizikwi tolukana. Chisoti chake chinali chosongoka pamwamba, chokhala ndi kachitsulo kotsikira pamphuno, nkhope ili poyera. Chishango chake chinali chachitali, chozungulira kumwamba ndi chosongoka kunsi, choteteza phewa ndi mwendo womwe. Zizindikiro za mabanja, zija za mikango ndi maluwa zimene mwana ankalandira kwa atate wake, kunalibe. Zinayamba kukhazikika cha pakati pa zaka za m'ma 1100. Cha m'ma 1200 kunadza chisoti chachikulu chophimba nkhope yonse, ndi mwinjiro wansalu wovala pamwamba pa unyolo. M'zaka za m'ma 1300 amisiri ankawonjezera zitsulo pamawondo, pazigongono ndi pachifuwa, pang'onopang'ono, kufikira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1400 pamene chovala chachigoba chinakwanira thupi lonse, ndipo chishango chinayamba kusiyidwa popeza ntchito yake inachepa. Tsono munthu akajambula William wa ku Normandy atavala chigoba chonyezimira, wamuveka chinthu chimene chinali chisanasulidwe, ndipo chinadzaoneka adzukulu a adzukulu ake atafa kale.

Funso lachiwiri: mboni ndani?

Pa mlandu sitiweruza popanda mboni, ndipo pa chithunzi n'chimodzimodzi. Mboni zake zili za mitundu itatu.

Mtundu woyamba ndi zithunzi za nthawi yomweyo. Ya ku Hastings ili ndi mboni yabwino koposa, ndiyo nsalu yotchedwa Bayeux Tapestry, yopetedwa ndi ulusi wa ubweya wa nkhosa pa bafuta, yotalika pafupifupi mamita 70, imene akatswiri ambiri amati inapangidwa ku England m'zaka za m'ma 1070, anthu amene anamenya nkhondoyo ali moyo. Pansalupo tiona a ku Normandy ali pa akavalo, ambiri atameta kunkhongo, ndipo Angerezi ali pansi, atalumikiza zishango ngati linga, ena atanyamula nkhwangwa zazikulu. Tionanso William akukweza chisoti kuti anthu ake amuone nkhope, pakuti kunamveka mphekesera yakuti wafa. Komatu mboni ya mtundu uwu ili ndi msampha wake. Ojambula a nthawi imeneyo ankaveka anthu akale zovala za tsiku lawo. M'buku la zithunzi za m'Baibulo lopangidwa ku France cha m'ma 1250, losungidwa ku Morgan Library mu mzinda wa New York, ankhondo a Sauli ndi Davide aoneka atavala unyolo ndi zisoti za Afalansa. Buku limeneli silitiuza kanthu za zida za Aisraeli, koma ndi mboni yabwino ya zida za ku France za m'ma 1250. Lamulo lake n'lakuti chithunzi chakale chimachitira umboni chaka chimene chinajambulidwa, osati chaka cha nkhani imene chikunena.

Mtundu wachiwiri ndi zifanizo za pamanda pamodzi ndi zida zenizeni zimene zinatsala. M'tchalitchi chachikulu cha ku Canterbury muli chifanizo cha Edward, mwana wa mfumu wotchedwa Black Prince, amene anamwalira mu 1376. Chimaonetsa bwino mmene chigoba ndi unyolo zinkavalidwira pamodzi pa nthawiyo. Zovala zenizeni zili m'nyumba zosungiramo zakale, monga Royal Armouries ku Leeds ndi Wallace Collection ku London, ngakhale zambiri mwa izo n'za zaka za m'ma 1400 ndi za pambuyo pake, chifukwa zakale kwambiri zinatha ndi dzimbiri kapena zinasulidwanso.

Mtundu wachitatu ndi mafupa. Mu Julayi 1361 mfumu Valdemar ya ku Denmark inakantha alimi a pa chilumba cha Gotland kunja kwa linga la mzinda wa Visby. Manda awo atakumbidwa, kuyambira mu 1905, munapezeka mafupa a anthu oposa 1,000, ena ali chivalire zida zawo. Ambiri anatemedwa m'miyendo, mmene chishango sichinkafika, ndipo panali okalamba ndi anyamata omwe. Zida za ena zinali zachikale ngakhale pa nthawi yomweyo. Mboni iyi itiphunzitsa chinthu chimene zithunzi zonyezimira zimabisa: gulu la nkhondo silinkavala mofanana ngati asilikali a lero, ndipo osauka ankavala chimene apeza.

Nthano zitatu zofala

Nthano yoyamba ndi yakuti chovala chachigoba chinali cholemera kwambiri kotero kuti munthu ankachita kumukweza pa kavalo ndi zingwe. Inafala makamaka ndi filimu ya Henry V ya Laurence Olivier ya mu 1944, mmene akuluakulu a Afalansa aoneka akukwezedwa motero. Zoona zake n'zakuti chovala cha kunkhondo chinkalemera pakati pa makilogalamu 20 ndi 25, ndiko kuti chosafika theka lenileni la thumba la chimanga kapena kungolifika, ndipo kulemerako kunkagawikana pathupi lonse. Munthu ankatha kuthamanga, kugwa n'kudzuka, ndi kukwera kavalo yekha. Vuto lenileni linali kutentha ndi kutopa. Mu 2011 akatswiri a ku yunivesite ya Leeds anayeza anthu oyenda atavala zigoba, ndipo anapeza kuti ankatha mphamvu pafupifupi kawiri kuposa munthu wosavala. Lupanga nalonso silinali chimtolo. La dzanja limodzi linkalemera kilogalamu imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo silinkadula chigoba ngati dzungu monga tionera m'zithunzi. Pofuna kugonjetsa wovala chigoba ankamenya ndi nyundo kapena nkhwangwa ya mtengo wautali, kapena kulasa m'mipata ya kukhwapa ndi kumaso.

Nthano yachiwiri ndi ya kavalo wamkulu ngati njovu. Mu 2021 akatswiri a ku yunivesite ya Exeter anafalitsa zimene anapeza atayeza mafupa a akavalo okumbidwa m'malo 171 a ku England. Akavalo ambiri a nthawi imeneyo sankafika mamita 1.48 paphewa. Chimene ankafuna pa kavalo wa nkhondo chinali mphamvu, changu ndi kuphunzitsika, osati msinkhu wokha.

Nthano yachitatu ndi yakuti wapakavalo ankamenya ali pa kavalo nthawi zonse. Ku Agincourt Angerezi ovala zitsulo anaima pansi, ndipo ochuluka m'gulu lawo anali oponya mivi ndi mauta aatali, amene anazika mitengo yosongoka patsogolo pawo. Afalansa apakavalo anayesa kuwathamangira m'mbali, koma analephera. Gulu lawo lalikulu linayenda pansi, m'munda wolimidwa wodzala matope a mvula, ndipo linafika litatopa ndi lopanikizana. Chithunzi choona cha Agincourt chiyenera kukhala cha matope ndi chipwirikiti, osati cha akavalo oyera othamanga pa msipu.

Chimene kompyuta yabweretsa

Kompyuta siinayambitse zolakwa izi, koma yazipatsa miyendo. Wojambula wogwiritsa ntchito Photoshop, Krita kapena Blender angathe kutenga chisoti pa chithunzi china, chapachifuwa pa china, n'kuzilumikiza m'kanthawi kochepa. Ndipo akajambula msilikali mmodzi angathe kumuchulukitsa kukhala zana, onse ofanana ngati mapasa. Kumeneko ndiko kumene zaka zimasakanikirana, ndiponso kumene kusiyana kwa olemera ndi osauka kumatayika. Choopsa china ndi kutengerana: wojambula amaonera mnzake, mnzakeyo anaonera filimu, ndipo palibe mmodzi anabwerera kwa mboni. Kuyambira mu 2022 kwafalanso mapulogalamu monga Midjourney, amene amatulutsa chithunzi munthu akangolemba mawu. Iwo anaphunzira pa zithunzi zosawerengeka, zoona ndi zonama pamodzi, ndipo sadziwa chaka. Kawirikawiri amatulutsa chigoba chimene munthu sangathe kupinda nacho mkono.

Koma kompyuta yomweyo yatsegula khomo limene kale linali lotseka. Nsalu ya ku Bayeux ioneka yonse pa intaneti. Mu 2017 Metropolitan Museum of Art ya ku New York inalola anthu kugwiritsa ntchito kwaulere zithunzi za zinthu zake zambiri zakale, pamodzi ndi zida. Opanga masewera a pa kompyuta otchedwa Kingdom Come: Deliverance, otuluka mu 2018, anasankha dziko limodzi ndi chaka chimodzi, Bohemia mu 1403, nayesetsa kutsata mboni za nthawiyo. Tsono wojambula wa lero alibe chowiringula chimene anali nacho wa kale.

Kodi wojambula alibe ufulu?

Ufulu ali nawo. Paolo Uccello wa ku Florence anajambula nkhondo ya ku San Romano ya mu 1432 pa matabwa atatu akuluakulu, amene lero ali ku London, ku Florence ndi ku Paris. Pa thabwa la ku London mtsogoleri Niccolò da Tolentino wavala chipewa chachikulu chansalu yokongola m'malo mwa chisoti, ndipo mikondo yothyoka yagona pansi mwandondomeko, pakuti Uccello ankafuna kuonetsa kutalika ndi kuyandikira kwa zinthu. Palibe amene amamudzudzula, chifukwa cholinga chake chinali kulemekeza mzinda wake, ndipo aliyense woona amazindikira zimenezo. Wojambula nthano ya chinjoka angaveke munthu wake chilichonse chimene afuna. Mlandu umayamba pamene pansi pa chithunzi palembedwa dzina la nkhondo ndi chaka chake, pakuti pamenepo wojambulayo waima ngati mboni, ndipo mboni siiloledwa kupeka.

Kwa aphunzitsi

Ife amene tikonzekera kuima pamaso pa ana tidzagwiritsa ntchito zithunzi zotere, kaya pophunzitsa mbiri kaya pophunzitsa kujambula. Tisanapachike chithunzi tifunse mafunso atatu: nkhondoyi inachitika chaka chiti, inachitikira kuti, ndipo wojambula anatsata mboni iti? Ngati mayankho palibe, chithunzicho tisachitaye, koma tichisandutse phunziro. Tiike pambali pake gawo la nsalu ya ku Bayeux, ndipo ana apeze okha zosiyana: chisoti, chishango, malaya, msinkhu wa kavalo. Atchule chilichonse m'Chichewa, ndipo pamene dzina lisowa akambirane dzina loyenera. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana amene waphunzira kudekha pa chithunzi cha Hastings adzadekhanso tsiku limene munthu adzamuonetsa chithunzi chokongola cha makolo ake a iye mwini, ndipo adzafunsa mafunso atatu omwewo asanachikhulupirire.