Mudzi usakudyereni mpamba

Amalonda anzathu, geni ya kuno kwa Kuntumanji imalira mphamvu: kusenza matumba a mpunga a makilogalamu 50, kupalasa njinga yodzaza matemba kuchokera kugombe la Chilwa mpaka ku Songani kapena mumzinda wa Zomba, kukhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ntchito zoterezi zimakulitsa nthenda ya mudzi, imene ambiri amaibisa chifukwa cha manyazi. Munthu amajomba kumsika masiku angapo, makasitomala n'kusamukira pabenchi ina, mpamba n'kuthera kwa ogulitsa mankhwala a m'mabotolo opanda dzina. Chonsecho mudzi wambiri umachepa popanda opaleshoni.

Mudzi ndi kutupa kwa mitsempha ya magazi ya kotulukira chimbudzi. Pamayabwa, pamawawa, pamatuluka kachotupa, nthawi zina pamaoneka magazi ofiira mukatha kudzithandiza. Gwero lalikulu ndi kudzimbidwa. Chimbudzi chikauma, munthu amakankha mwamphamvu ndipo mitsempha ija imafufuma. Amayi oyembekezera nawonso umawavuta kawirikawiri. Choncho ntchito yoyamba ndi kufewetsa chimbudzi, ndipo zofunika zake zili mumsika momwemo.

Idyani nsima ya mgaiwa m'malo mwa yoyera, chifukwa gaga ndiye amafewetsa m'mimba. Onjezani nkhwani, bonongwe, therere, kholowa, nyemba, nandolo kapena khobwe tsiku lililonse, ndi zipatso monga papaya ndi mango. Mandasi, mabanzi ndi tchipisi zokhazokha masana onse zimadzimbira.

Imwani madzi abwino okwana malita awiri patsiku. Ambiri amapewa kumwa poopa kusiya benchi kapena kulipira chimbudzi cha pamsika, koma ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi phindu la sabata yathunthu mutagona kunyumba. Mukamva kufuna kudzithandiza musaumirize. Pemphani mnzanu akuyang'anireni katundu. M'chimbudzimo musakhalitse ndipo musakankhe.

Thumba lolemera nyamulani awiri, kapena lembani waganyu. Pabenchi muziimirira n'kuyendako pang'ono ola lililonse, ndipo mudzi ukavuta pumani kaye panjinga.

Ululu ukakula, khalani m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 10 mpaka 15, kawiri kapena katatu patsiku. Podziyeretsa gwiritsani madzi, osati zitsononkho kapena pepala lokhakhala. Panado amachepetsa ululu. Ngati mukutaya magazi pewani asipirini ndi bulufeni, chifukwa amachititsa kuti magazi asaleke msanga. Kufamase kuli mankhwala opaka ndi olowetsa monga Anusol, komanso ofewetsa chimbudzi monga lactulose. Opakawo asapitirire sabata imodzi musanaonane ndi achipatala.

Zimenezi zikakanika, madokotala ali ndi njira zina zosang'amba. Imodzi ndi kumanga mudzi wam'kati ndi kalabala kakang'ono kuti magazi asafikeko. Umafota n'kugwa wokha pakatha pafupifupi sabata. Ina ndi jakisoni woufotetsa. Izi ndi za dokotala yekha. Musalole munthu kukudulani ndi lezala, kukumangani ndi ulusi kapena kuthirapo mankhwala owotcha. Pamenepo pamataya magazi ambiri ndipo bala lake limavunda msanga.

Dziwaninso kuti si magazi onse a m'chimbudzi amene ali a mudzi. Kamwazi, likodzo la m'matumbo ndi khansa ya m'matumbo zimatulutsanso magazi. Pitani kuchipatala msanga ngati magazi akuchuluka kapena apitirira sabata, chimbudzi chili chakuda bii, mukuwonda, mukumva chizungulire, thupi latentha, kapena chotupa chatuluka n'kukana kubwerera. Yambani pachipatala chaching'ono cha kufupi. Iwo ndiwo angakutumizeni ku Zomba Central Hospital ngati pakufunika. M'zipatala za boma salipiritsa, ndiye mungotaya tsiku limodzi la geni ndi ndalama yoyendera.