Jenereta ikakana kulira, vuto limayambira m'thanki

Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130 pa magetsi amene EGENCO imapanga pa mtsinje wa Shire, mabanja ambiri a m'mizinda anagula majenereta, ndipo ngakhale malowa anakonzedwa mu 2023, makinawa adakali m'makomo kudikira tsiku limene magetsi athime. Kudikirako ndi kumene kumabala mavuto ambiri, chifukwa injini yongokhala imawonongeka m'njira zimene mwini wake sazionera kunja.

Petulo wogulitsidwa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol ali ndi khalidwe lokoka chinyezi cha mumpweya. Petulo wotere akakhala m'thanki miyezi ingapo, madzi amadikha pansi, gawo losachedwa kuyaka limauluka, ndipo chotsala ndi utomoni womata umene umatseka jeti, kabowo kang'ono ngati diso la singano kamene kali mu kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya. Chizindikiro chake n'chosasowa: injini imalira pokhapokha choki, chochepetsa mpweya wolowa mu kabuleta, chikakhala chotseka, kapena liwu lake limakwera ndi kutsika mosalekeza. Chofunika ndi kukhuthula petulo yense wakaleyo, kumasula kabakuli ka pansi pa kabuleta, ndi kutsuka jeti ndi mankhwala opopera otsukira kabuleta, osati kuitokosa ndi waya wokhuthala, pakuti bowolo likakula injini imayamba kumwa petulo wambiri n'kumatulutsa utsi wakuda. Kupewa n'kosavuta: jenereta ilizidwe kwa theka la ola mwezi uliwonse itanyamula katundu, ndipo poiimika kwa nthawi yaitali mpopi wa petulo utsekedwe kuti injini ithime yokha kabuleta itauma.

Petulo akakhala wabwino, maso apite ku oyilo. Majenereta ambiri ali ndi kachipangizo kothimitsa injini oyilo akachepa, choncho makina amene alira pang'ono n'kuthima, makamaka ataikidwa pamalo opendekeka, amakhala akungodziteteza. N'zomvetsa chisoni kuti amakaniko ena amadula waya wa kachipangizoka, n'kusiya injini pangozi yogwirana zitsulo. Pulagi yodzala mwaye, sefa ya mpweya yotsekeka ndi fumbi la m'chilimwe, ndi batire lotha mphamvu zimadziwika msanga, pamene jenereta ya dizilo imene inathera mafuta ikulira imafuna kutulutsa mpweya umene walowa m'mapaipi isanalizidwenso.

Vuto lina ndi la injini yolira bwino koma yosatulutsa magetsi. Poyambira ndi buleka, swichi yodula magetsi katundu akachuluka, popeza firiji ndi pampu ya madzi zimakoka mphamvu yoposa kangapo imene zimagwiritsa ntchito nthawi zonse pa mphindi imene zikuyamba kuzungulira. Buleka ikakhala bwino, okayikitsa ndi mabulashi a kaboni amene amaperepeseka, kapena AVR, kabokosi kosunga magetsi pa mlingo wa mavoti 230. Majenereta aang'ono amazungulira ka 3,000 pa mphindi kuti apereke 50 Hz, ndipo kupotokola sikuluwu ya liwiro popanda mita yoyezera kumatha kupsereza wailesi yakanema.

Zolakwa ziwiri zimapha anthu. Utsi wa jenereta uli ndi carbon monoxide, mpweya wapoizoni wopanda fungo kapena mtundu, motero kuilizira m'khitchini kapena m'galaja poopa akuba n'kuika banja lonse pachiswe. Malo ake ndi panja, patali ndi mawindo, m'chikhola chachitsulo chokhoma koma cholowa mphepo. Cholakwa chachiwiri ndi kulumikiza jenereta pa soketi ya m'nyumba popanda changeover switch, chida cholekanitsa nyumba ndi mawaya a ESCOM, chifukwa magetsiwo amabwerera ku thiransifoma, n'kukwezedwa mphamvu, ndipo angaphe wogwira ntchito amene wakwera pholo pokhulupirira kuti waya wathima. Ntchito yoika chidachi ndi ya katswiri wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso.