Kufufuza mbiri ya banja ku Nkhotakota

Kufufuza mbiri ya banja ndi ntchito yolondola makolo a munthu mibadwo ingapo m'mbuyo: mayina awo, kumene anachokera, amene anakwatirana nawo, ana awo ndi kumene anaikidwa. M'boma la Nkhotakota, m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, ntchitoyi imadalira zimene akuluakulu amakumbukira, mabuku a mipingo ndi a boma, komanso masamba a pa intaneti monga FamilySearch, lomwe mwini wake ndi Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a m'Masiku Otsiriza, umene ambiri amautcha wa Mormon. Zinthuzi sizithandiza mofanana. Zolembedwa zotchula anthu wamba a m'derali kawirikawiri sizipitirira zaka za m'ma 1890, ndipo mafomu ambiri a pa kompyuta anapangidwira anthu amene ali ndi dzina limodzi la banja lochokera kwa bambo, losasintha mibadwo yonse. Wofufuza wa ku Nkhotakota amayambira pakhonde la agogo, mapepala n'kubwera pambuyo kudzatsimikizira.

Anthu a m'derali

Anthu ambiri a ku Nkhotakota ndi Achewa, ndipo chakumpoto, kulowera ku Dwambazi, kuli Atonga. Cha m'ma 1840 kunafika Salim bin Abdallah, Mswahili wochokera kugombe la kum'mawa kwa Africa, amene anakhala Jumbe woyamba. Iye ndi omulowa m'malo anasandutsa Nkhotakota doko lalikulu la minyanga ya njovu ndi akapolo, amene ankawolotsedwa pa zombo kupita kutsidya la kum'mawa n'kuyenda pansi mpaka ku Kilwa. Ndi m'nyengo imeneyi pamene Chisilamu ndi ulimi wa mpunga zinazika mizu kunyanja. David Livingstone anafikako kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1860. Mu 1889 Harry Johnston anachita pangano ndi Jumbe Tawakali Sudi, yemwe anamwalira mu 1894, ndipo womulowa m'malo anachotsedwa ndi Angerezi n'kutumizidwa ku Zanzibar.

Mbiri imeneyi imakhudza mabanja mwachindunji. Tauni ya Jumbe inasonkhanitsa Aswahili, Ayao, Anyamwezi, Achewa othawa nkhondo za Angoni, ndi anthu ogwidwa kutali amene sanawolotsedwe koma anatsala monga antchito kapena akazi a m'nyumba. Ana awo anakula ngati eni mudzi. N'chifukwa chake mzere wa makolo ungayende bwino mibadwo inayi n'kudukira mwadzidzidzi pa mayi wina amene amangonenedwa kuti "anabwera". Pambuyo pake panabweranso maulendo a ku migodi ya ku South Africa ndi Southern Rhodesia, amene anasiya matchona ambiri osabwerera kwawo, ndiponso minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, yomwe kuyambira m'ma 1970 yakoka antchito a m'maboma ena.

Mbumba, mfunda ndi mayina

Kwa Achewa, mwana ndi wa kwa mayi ake. Banja limene limasunga malo, manda ndi ufumu ndi mbumba, ndiye kuti alongo a mwamuna pamodzi ndi ana awo, ndipo woyang'anira ndi mwini mbumba, amene kwa anawo ndi mtsibweni wawo kapena kuti malume. Pa ukwati wa chikamwini mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndipo ukwati ukatha iye amachoka, ana n'kutsala. Zotsatira zake n'zakuti anthu ambiri amatha kutchula agogo aakazi a kuchikazi mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi, koma akuchimuna amathera pa agogo amodzi okha. Wofufuza amene wangogwira dzina la bambo ake n'kumalilondola amakhala watsata njira imene mudziwo sunaisamale.

Mfunda, womwe ena amati chiwongo, umathandiza koma ungasokeretsenso. Banda, Phiri, Mwale, Mbewe ndi Nkhoma ndi mayina a mafuko akuluakulu, osati a banja limodzi, ndipo anthu awiri a Phiri angakhale opanda kholo lililonse lodziwika limene amakumanirapo. Kale mfunda unkatengedwa kwa mayi, koma masiku ano ambiri amatenga wa bambo, kotero m'banja limodzi mfunda ungasinthe pakati pa mzere popanda cholakwika chilichonse. Akazi achikulire amakumbukiridwa ndi mfunda wokha, monga Nabanda kapena Naphiri, mwinanso ndi dzina la mwana wawo woyamba.

Munthu mmodzi ankathanso kukhala ndi mayina angapo pa moyo wake: la paubwana, la kuchinamwali, la ubatizo kapena la Chisilamu, ndi lina limene analembetsa kuntchito. M'mabanja a Chisilamu, mwana ankadziwika ndi dzina la bambo ake kudzera m'mawu akuti bin kapena binti, motero chimene lero chikuoneka ngati dzina la banja chingakhale dzina loyamba la agogo aamuna. Vuto lina lili pa maina a maufumu. Malengachanzi, Kanyenda, Mwadzama, Mphonde, Mwansambo ndi Kafuzira ndi mayina olowa, ndipo wolowa dzina amalankhulidwa ngati kuti ndi kholo lija lomwe. Mkulu akati "agogo athu anabwera ndi Kanyenda", funso lotsatira liyenera kukhala lakuti Kanyenda wake uti, apo ayi mibadwo itatu imapindidwa n'kukhala umodzi.

Zolembedwa

Mabuku akale kwambiri otchula anthu wamba ndi a mishoni. Bungwe la Universities' Mission to Central Africa, la mpingo wa Anglican, linakhazikika pa Likoma mu 1885 ndipo linatsegula mishoni ku Nkhotakota mu 1894. Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895, anaikidwa komweko, pa tchalitchi cha All Saints. Mabuku a ubatizo, ukwati ndi maliro a mipingo ya Anglican, CCAP ndi Katolika amapereka chaka chenicheni ndi mudzi, zomwe pakamwa sipasunga bwino. Koma amatchula okhawo amene analowa mpingo, ndipo dera limene lili ndi Asilamu ambiri ngati ili, mabanja ochuluka sapezekamo n'komwe. Kalembedwe ka mayina nakonso kamasiyana: boma lomweli linkalembedwa kuti Kota Kota, ndipo m'zaka zoyambirira za atsamunda linali m'chigawo chotchedwa Marimba. Makalata a amishoni a UMCA amasungidwa ku Oxford, ku Bodleian Library.

Ku Zomba kuli National Archives of Malawi, yomwe inayamba mu 1947. Kumeneko kuli mabuku ndi malipoti a mabwanankubwa ndi ma DC a nthawi ya atsamunda, ena ofotokoza mizere ya mafumu ndi milandu ya malo. Amathandiza kwambiri banja lachifumu kuposa banja la msodzi. Lamulo la atsamunda lolembetsa kubadwa ndi imfa silinkakakamiza anthu akuda, ndipo kulembetsa mwana aliyense kunakhala kokakamiza pamene lamulo la National Registration Act la 2010 linayamba kugwira ntchito mu 2015. Ziphaso za unzika zinaperekedwa kwa anthu ambiri mu 2017. Choncho chaka chobadwa cha munthu wachikulire chimene chili pa chiphaso nthawi zambiri n'chongoyerekeza. Pa mbiri ya mafuko, buku la Samuel Josiah Ntara la Mbiri ya Achewa ndi kafukufuku wa Kings Phiri wa mbiri yapakamwa ya Achewa a m'chigawo chapakati ndi poyambira pabwino, ndipo George Shepperson analemba za ma Jumbe a ku Kota Kota.

Mpingo wa Mormon ndi FamilySearch

Mpingo wa Oyera Mtima a m'Masiku Otsiriza unayambitsidwa ndi Joseph Smith pa 6 April 1830 m'chigawo cha New York ku America, ndipo likulu lake lili ku Salt Lake City, Utah. Chidwi chake pa mayina a makolo chimachokera pa chiphunzitso. Kuyambira mu 1840 mpingowu umaphunzitsa kuti munthu wamoyo angabatizidwe m'malo mwa wachibale amene anamwalira, ndipo umakhulupirira kuti mabanja angamangidwe pamodzi kwamuyaya m'kachisi. Malinga ndi chiphunzitsocho, womwalirayo ali ndi ufulu wolandira kapena kukana. Kuti mwambowu uchitike pamafunika dzina ndi ubale, n'chifukwa chake mu 1894 mpingowu unakhazikitsa Genealogical Society of Utah. Bungweli linayamba kujambula mabuku a mipingo ndi maboma pa mafilimu ang'onoang'ono mu 1938, n'kumawasunga m'mapanga osemedwa m'phiri la Granite Mountain pafupi ndi Salt Lake City. Tsamba la FamilySearch linatsegulidwa pa intaneti mu 1999, ndipo aliyense angaligwiritse ntchito kwaulere ngakhale asali wa mpingowo.

Mu Africa muno mpingowu unakula mochedwa, makamaka chifukwa mpaka mu 1978 sunkalola anthu akuda kukhala ansembe kapena kuchita miyambo ya m'kachisi. Lamulolo linachotsedwa pa utsogoleri wa Spencer W. Kimball, ndipo kachisi wa ku Johannesburg anatsegulidwa mu 1985. Ku Malawi mpingowu uli ndi nthambi ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Atazindikira kuti m'madera ambiri a mu Africa mulibe mabuku oti n'kujambula, a FamilySearch anayamba ntchito yotumiza anthu m'midzi kukajambula mawu a akuluakulu akutchula mizere ya makolo, monga ku Ghana ndi ku Nigeria. Apa bungwe limene linamangidwa pa mapepala linavomereza lokha kuti m'madera otere kaundula weniweni ndi munthu wokalamba.

Ntchitoyi siinasowe otsutsa. Mu 1995 mpingowu unagwirizana ndi mabungwe a Ayuda kuti usiye kubatizira anthu amene anaphedwa ndi chipani cha Nazi, kupatula ngati dzina laperekedwa ndi mbadwa zawo zenizeni. Mu 2008 likulu la Katolika ku Vatican linalangiza madayosizi kuti asapereke mabuku a maparishi kwa bungwe la ku Utah lija. Banja la Chisilamu kapena la mpingo wina ku Nkhotakota liyenera kudziwa zimenezi lisanaike mayina pa tsambali. Liyeneranso kudziwa kuti mtengo wa mabanja wa FamilySearch ndi umodzi wa anthu onse: za anthu amoyo zimabisidwa, koma za omwalira zimaoneka kwa aliyense, ndipo wina angazisinthe. Pamene mayina ali ofanana kwambiri ngati kuno, n'kosavuta kuti mlendo aphatikize a Banda awiri osiyana n'kukhala munthu mmodzi.

Kafunsidwe ka akuluakulu

Amayi achikulire a mbumba ndiwo amadziwa bwino ndondomeko ya ana, kuphatikizapo amene anamwalira ali aang'ono, pamene mwini mbumba ndi nyakwawa amadziwa za malo ndi kusamuka. Ndi bwino kuwafunsa payekhapayekha, chifukwa pagulu mawu a wamkulu amaphimba ena onse. Zaka zimapezeka pozimangirira ku zochitika zodziwika: nkhondo ya Chilembwe mu 1915, mliri wa fuluwenza wa 1918, njala ya 1949, ufulu wa 1964, kapena kuimitsidwa kwa maulendo a Wenela mu 1974 ndege itagwa ku Francistown. Dzina lililonse lilembedwe pamodzi ndi mfunda, mudzi, mfumu ya dera ndi amene walitchula, ndipo anthu awiri akasiyana, zonse ziwiri zisungidwe.

Nkhani ya ukapolo imafuna kusamala kwambiri. Kunena kuti kholo la uje linali kapolo kungakhudze ufumu, munda ndi ulemu wa anthu amene ali moyo lero, ndipo akuluakulu ena amaidziwa koma amasankha kusaitchula. Zoterezi sizoyenera kuziika pa intaneti banja lisanavomere. Kumanda nakonso sikupitidwa mwachisawawa: m'midzi ya Achewa chilolezo chimachokera kwa mfumu, makamaka kumene manda ali pamodzi ndi dambwe la Gule Wamkulu.